Huva Yasiya Kutola Fumbi Ndipo Ikuzima Yokha: Kodi Ndaiwononga?

Funso

"Bambo, ndine mayi wa ku Zomba, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg. Sabata yatha kunabwera amisiri kudzakonza khoma la kuchipinda ndipo anasiya fumbi la pulasitala paliponse, nyumba yonse mbuu. Ndinalichotsa ndi huva, makina oyamwa fumbi aja. Kuchokera tsiku limenelo makinawo sakutola kanthu, ngakhale kanjere ka mpunga. Kaliridwe kake kasintha, akulira mokweza moti m'makutu mumachita kupweteka, akutentha, ndipo pakatha mphindi 10 amazima okha. Ndikawasiya kwa ola limodzi amayakanso. Thumba ndaliona, silinadzaze. Abwana sindinawauze chifukwa ndikuopa kuti andidula malipiro. Kodi ndawawononga? Nanga makina amenewa amagwira bwanji ntchito? Ndimafunanso kugula ena akale ndikatumize kumudzi, chifukwa mwana wanga ali ndi mphumu." Naphiri, Johannesburg.

Yankho

Mayi Naphiri, mtima m'malo. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, huvayo sinafe. Makina amene mota yake yapsa sayakanso pakatha ola limodzi. Anuwo akuzima okha chifukwa mkati mwake muli kachipangizo kamene kamadula magetsi mota ikatentha mopitirira muyeso, ndipo kamalumikizanso mota ikazizira. Kachipangizo kameneka ndi kamene kakupulumutsani mpaka pano. Komabe chonde musayatsenso makinawo kufikira mutachita zimene ndifotokozezi, chifukwa kutentha kobwerezabwereza ndi kumene kumadzapha mota pamapeto pake. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza zipangizo zamagetsi za m'nyumba, mahuva ambiri amene eni ake amabweretsa atawataya kale mtima amakhala atangotsekeka penapake, mota ili bwinobwino.

Tiyambe ndi funso lanu la momwe makinawa amagwirira ntchito, chifukwa mukamvetsa pamenepa zina zonsezi muziziona nokha. Mpweya umene watizungulirawu ndi wolemera. Sitimva kulemera kwake chifukwa tinabadwiramo, koma kugombe la nyanja yamchere umapanikiza pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi sentimita imodzi m'lifupi. Ukapeza malo amene mpweya wachepa, umathamangirako. Mukamamwa chakumwa cha m'botolo ndi kapaipi, mumachepetsa mpweya m'kamwa mwanu, ndipo mpweya wakunja umene ukupanikiza chakumwacho ndi umene umachikankhira m'mwamba. Huva imachita zomwezo, kungoti iyo sipuma.

M'mimba mwa makinawo muli mota, ndipo kunsonga kwa chitsulo chimene mota imazunguza kuli fani yokhala ndi mapiko opindika, yotsekeredwa m'chigoba chachitsulo. Mota imeneyi ndi yaliwiro kwambiri, imazungulira kupitirira ka 20,000 pa mphindi imodzi, n'chifukwa chake huva ndi yaphokoso chonchi. Faniyo imatenga mpweya wa pakati pake n'kuuponyera m'mbali, kenako umatulukira kumbuyo kwa makina. Pakati paja mpweya umachepa, choncho wakunja umalowa mothamanga kudzera pakamwa pa huva kuti ukadzaze malowo. Pothamanga pamenepo umanyamula fumbi, tsitsi ndi zinyenyeswa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: chimene chimatola zinyalala ndi mpweya woyenda. Mukakanikiza kamwa la huva pa katani, imagwira kataniyo zolimba ndithu, koma sitola kanthu chifukwa mpweya waima. Mphamvu yokoka ilipo, koma palibe chikuyenda.

Kumene muliko, Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Huva yomweyo mutapita nayo ku Durban, kugombe la nyanja, ikhoza kukoka mwamphamvu pang'ono. Kusiyanako si kwakukulu ndipo si kumene kwayambitsa vuto lanu, koma kukusonyeza kuti ntchito yonse ikudalira mpweya.

Mpweyawo uli ndi njira imodzi yokha. Umalowera kumutu kumene kumakhudza pansi, umakwera mu ndodo yachitsulo, umadutsa mu paipi yopindika ija, umalowa m'thumba. M'thumbamo zinyalala zimatsala, mpweya n'kutulukira m'timabowo tosaoneka ndi maso ta thumbalo. Kenako umadutsa pa sefa yoteteza mota, umalowa mu fani, umadutsa pa mota penipeni, ndipo pomaliza umatuluka kudzera pa sefa yachiwiri kubwerera m'chipinda. Paliponse pamene pangatsekeke pa njira imeneyi, kaya kumayambiriro kaya kumapeto, zotsatira zake ndi zofanana.

Tsono pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. M'mahuva ambiri a m'nyumba, mpweya womwewo umene umanyamula fumbi ndi umenenso umaziziritsa mota. Mulibe fani ina yapadera. Njira ikatsekeka, huva imasiya kutola zinyalala, komanso mota imasowa mpweya wouziziritsa n'kuyamba kutentha. Kulira kokweza kumene mukumvako kuli ndi tanthauzo lake. Anthu amaganiza kuti mota ikuvutika ndi katundu wolemera, pamene zoona zake n'zakuti katundu wachepa: faniyo ilibe mpweya wokwanira woti ikankhe, ndiye imangozungulira mofulumira kuposa kale ndipo mawu ake amakwera. Tsekani kamwa la huva iliyonse yabwinobwino ndi chikhatho kwa kamphindi, mudzamva mawu akukwera chimodzimodzi. Zizindikiro zanu zitatuzi, kusatola, kulira mokweza ndi kuzima, zonse zikuloza malo amodzi.

Chimene chatseka njira ndi fumbi la pulasitala lija. Mwanena kuti thumba silinadzaze, ndipo ndikukhulupirira. Thumba la huva ndi sefa palokha, ndipo ntchito yake imatha pamene timabowo take tatsekeka, ngakhale litakhala ndi malo ambiri. Fumbi wamba la m'nyumba, lokhala ndi ubweya wa zovala ndi tsitsi, limakhala lotakasuka ndipo mpweya umadutsamo. Pulasitala, simenti, phulusa ndi ufa ndi zosalala kwambiri. Zimalowa m'timabowo tija n'kumatirira. Ndikatsegula makina amene atola pulasitala, ndimapeza thumba lili ndi zinyalala zongokwana m'manja awiri, koma ndikapititsa chala mkati mwake, khoma lonse la thumbalo lakutidwa ndi chinthu choyera chosalala, cholimba gwa. Ndikatulutsa sefa ya kuseri kwake, m'mapindo ake onse mwadzaza fumbi loyera, ndipo ndikaiyang'anitsa kudzuwa kuwala sikudutsa. Makina otero sangapume.

Chitani izi. Zulani pulagi pakhoma kaye. Osangozimitsa pa switchi. Chotsani thumbalo n'kuika latsopano. Ngati ndi lapepala, musalikhuthule kuti muligwiritsenso ntchito, chifukwa timabowo take sititsegukanso, ndipo likang'ambika mkati fumbi lonse limakathera mu mota. Ngati ndi lansalu, likhuthuleni panja, likuntheni bwinobwino. Kenako fufuzani masefa. Yoyamba imakhala kuseri kwa thumba, pakhomo lolowera ku mota, nthawi zambiri ndi kasiponji kapena kansalu kokhuthala. Yachiwiri imakhala pamene mpweya umatulukira, pansi pa kachivindikiro kokhala ndi mipata. Ambiri sadziwa n'komwe kuti yachiwiriyi ilipo, moti imatha zaka osatsegulidwa. Sefa ya siponji mukhoza kuitsuka ndi madzi ozizira, popanda sopo, mpaka madziwo atayera. Yapepala yopindapinda musaiviike m'madzi pokhapokha ngati palembedwa kuti ndi yochapika. Ingoigogodani pang'onopang'ono panja, ndipo ngati sikuyera, yofunika yatsopano. Chilichonse chimene mwachapa chiume kwa maola osachepera 24. Sefa yachinyezi imatumiza madzi ku mota, imachita nkhungu ndipo imanunkhitsa nyumba. Musayerekezenso kuyatsa makina opanda sefa poganiza kuti ndi kanthawi kochepa.

Mukatero, chotsani paipi pamene imalumikizana ndi makina, yatsani, ikani chikhatho pabowopo. Ngati chikhatho chikukokedwa mwamphamvu ndipo kaliridwe kabwerera mwakale, mota ili bwino. Lumikizani paipi, yesaninso kumapeto kwake. Onjezani ndodo, yesaninso. Pomaliza ikani mutu. Pamene mphamvu yagwera, chotsekacho chili pamenepo. Njira ina yachidule ndi kuimika paipi n'kuponyamo ndalama yachitsulo. Ikapanda kutulukira kunsi, muli chinthu. Kawirikawiri chimakhala pamene paipi yapindikira pafupi ndi chogwirira. Kamtengo kotokosera m'mano kapena kapini ka m'tsitsi kamapingasa, tsitsi limakulunga pamenepo, ubweya n'kuunjikana mpaka patsekeka. Kankhani pang'onopang'ono ndi mpini wa tsache wosasongoka. Waya musagwiritse ntchito, amaboola paipi.

Kuboola kumeneku ndi mbali ina ya vuto lomwelo. Paipi ikang'ambika, kapena chivindikiro chikapanda kutsekeka bwino, mpweya umalowera pamenepo m'malo molowera pansi pamene pali fumbi. Zikatero mota sitentha ndipo kaliridwe sikasintha, koma huva sitola kanthu. Onaninso pa chogwirira: mahuva ambiri ali ndi kachitseko kotsetsereka kamene amatsegula dala kuti achepetse mphamvu poyeretsa makatani. Ndalandirapo makina amene vuto lake linali kachitseko kameneka basi.

Kumutu kuja kulinso zofunika kudziwa. Mitu yambiri ili ndi kopondera. Mukaponda mbali imodzi timabulashi timatuluka, ndipo kameneko ndi ka pa matailosi ndi pa matabwa. Mukaponda mbali inayo timabulashi timabwerera mkati kuti chitsulo chosalala chiziyenda pa kapeti. Mahuva oimirira, komanso ambiri a batire, ali ndi bulashi yozungulira imene imamenya kapeti kuti mchenga wolowerera pansi udumphe, mpweya n'kuunyamula. Pa kapeti yokhuthala bulashi imeneyi ndi imene imagwira ntchito yaikulu, mpweya wokha sungazule mchenga umene wapondedwapondedwa. M'makina ambiri oimirira bulashiyo imazunguzidwa ndi lamba wa labala. Tsitsi ndi ulusi zikakulunga bulashi mpaka kuima, lamba amakhuzika n'kuyamba kununkha labala wopserera, kenako amaduka. Dulani tsitsilo ndi lumo kapena sizasi, pulagi itazulidwa. Lamba ndi wotsika mtengo ndipo sachedwa kusintha. Ndipo poyeretsa musathamange. Kuyendetsa mutu pang'onopang'ono kawiri kumachotsa zambiri kuposa kupalasa mofulumira kakhumi.

Pali zinthu zimene huva wamba siyenera kumeza. Madzi ndi oyamba, chifukwa monga ndanenera mpweya umadutsa pa mota penipeni pamene pali magetsi. Mukhoza kugwidwa ndi magetsi, ndipo mota imachita dzimbiri. Phulusa la pamalo ootchera nyama kapena la m'chumuni ndi loopsa kawiri. Limatseka masefa, komanso kakhala kamodzi kamoto kobisala m'phulusa kakalowa m'thumba lodzaza ubweya, mphepo ikuwomba mwamphamvu chotero, thumbalo limayaka. Petulo, parafini ndi mankhwala osungunulira penti musawayandikire n'komwe, chifukwa mkati mwa mota mumathetheka timoto ting'onoting'ono nthawi zonse pamene ikugwira ntchito. Magalasi osweka akuluakulu, misomali ndi ndalama zachitsulo tolani kaye ndi manja kapena tsache. Fumbi la amisiri, linyowetseni pang'ono, sesani, kolopani. Kuli makina ena ooneka ngati chidebe chachikulu amene anapangidwira madzi ndi zinyalala zolemera. Mota yake imaziziritsidwa ndi mpweya wapadera, ndipo mkati muli kampira koyandama kamene kamatseka njira madzi akadzaza. Amisiri aja akanayenera kubwera ndi makina otero n'kuchotsa okha fumbi lawo.

Nanga ndi liti pamene muyenera kusiya n'kupita kwa wokonza? Ngati mwasintha thumba, masefa ndi oyera ndi ouma, paipi ilibe kanthu, koma makina akuzimabe, pitani nawo. Pitaninso ngati mukumva fungo lakuthwa la waya wopsa, mukuona utsi, kapena mukuona moto wowala ukuthetheka kwambiri kudzera m'mipata ya kumbuyo. Mota za mahuva a nthambo zili ndi timabulashi tiwiri ta kaboni timene timakhudza mbali yozungulira n'kumaipatsa magetsi. Timeneti timatha pang'onopang'ono pakapita maola mazana angapo a ntchito, ndipo tikafupika mota imalira modukizadukiza n'kumathetheka. Tikasinthidwa msanga, ndalama zake ndi zochepa. Tikasiyidwa, timakanda mkuwa wa mota ndipo pamafunika mota yatsopano, imene nthawi zina mtengo wake umayandikira wa huva yatsopano. Phokoso lokhwekhwereza kapena lolira chitsulo pa chitsulo, makamaka pamene mota ikuima, limasonyeza kuti mabering'i atha, ndipo fumbi la simenti ndi limodzi mwa zinthu zimene zimawadya. Makina amene akugwetsa magetsi a nyumba yonse, amene akukugwirani mukawakhudza, kapena amene nthambo yake yasupuka mpaka waya kuonekera, musawayatsenso. Chigoba cha mota musatsegule nokha.

Za abwana anu, langizo langa ndi lakuti muwauze lero, mutanyamula thumba ndi sefa m'manja kuti aone okha. Auzeni kuti fumbi la amisiri latseka masefa, pakufunika thumba latsopano ndipo mwina sefa yatsopano. Zimenezi ndi zinthu zimene mwini huva aliyense amagula nthawi ndi nthawi. Choopsa ndi kupitiriza kuyatsa mobisa mpaka mota itapsa. Dziwaninso kuti ku South Africa kuli lamulo loteteza ogwira ntchito za m'nyumba, lotchedwa Sectoral Determination 7, limene linayamba kugwira ntchito mu 2002, ndipo silimalola bwana kudula malipiro chifukwa cha mbale yosweka kapena chipangizo chamagetsi chimene chawonongeka pa ntchito. Zikafika poti akudulani, pitani ku ofesi yoona za ntchito ya Department of Employment and Labour kapena ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito, kumene salipiritsa.

Tsopano za mwana wanu wa mphumu, zimene kwa ine ndi mbali yofunika kwambiri ya kalata yanu. Huva yonyamulika imene tikuidziwa lero inayambira pa munthu wa mphumu. Makina oyamwa fumbi a injini anayamba ndi Hubert Cecil Booth ku London mu 1901, koma anali aakulu moti ankakokedwa ndi akavalo, n'kuimikidwa mumsewu, mapaipi n'kulowetsedwa pawindo. Patapita zaka zochepa, James Murray Spangler, amene ankasesa m'sitolo ina ku Canton m'chigawo cha Ohio ku America, anaona kuti fumbi la pa ntchitopo likumukulitsira chifuwa. Anatenga mota yaing'ono ndi fani, bulashi yozungulira, mpini wa tsache ndi nsalu ya pilo kukhala thumba. Analembetsa luso lakelo mu 1908 n'kuligulitsa kwa William Hoover, amene ankapanga katundu wa zikopa. Kuchokera nthawi imeneyo mtima wa makinawa sunasinthe: mota, fani ndi chosefera.

Maganizo anu ndi abwino. Tsache limautsa fumbi losalala n'kulisiya likuyandama m'chipinda, ndipo limeneli ndi limene limalowa m'mapapo. M'matiresi, m'mipando yansalu ndi m'makapeti mumakhalanso tizilombo tosaoneka ndi maso timene zitosi zake zimadzutsa mphumu mwa ana ambiri. Koma pali msampha. Mpweya wonse umene huva yameza umabwerera m'chipinda momwemo. Ngati masefa ake ndi achabechabe, kapena chivindikiro chili ndi mipata, makinawo amasunga zinyalala zikuluzikulu n'kupemerera fumbi losalala lija m'mwamba, mwana n'kudwala kuposa kale. Choncho funani makina okhala ndi sefa yolembedwa kuti HEPA. Sefa yeniyeni ya mtundu umenewu imagwira 99.97 peresenti ya tinthu tating'ono kwambiri ta mamaikuloni 0.3, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mamaikuloni makumi angapo. Pa makina a ku Ulaya mudzaona palembedwa H13. Onaninso kuti labala wozungulira chivindikiro ndi sefa ndi wathunthu, chifukwa sefa yabwino ilibe phindu ngati mpweya ukuilambalala.

Musankhe ya thumba kapena yopanda thumba? Yopanda thumba imagwira ntchito mwanjira ina pang'ono. Mpweya umalowa chammbali m'chidebe chozungulira n'kupanga kamvuluvulu wothamanga kwambiri. Fumbi, poti ndi lolemera kuposa mpweya, limaponyedwa kukhoma la chidebecho n'kutsetserekera pansi, mpweya n'kutulukira pakati. Amene anatchukitsa njira imeneyi m'nyumba ndi James Dyson, amene anaiona pa fakitale yochekera matabwa, ndipo huva yake ya DC01 inayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1993. Ubwino wake ndi woti simugula matumba. Koma nayonso ili ndi masefa ofunika kutsuka, ndipo zotsika mtengo zambiri kamvuluvulu wake ndi wofooka moti sefa imatsekeka msangamsanga. Komanso pokhuthula chidebe fumbi limabuka kumaso. Kwa wa mphumu, thumba lotaya lonse losatsegula ndi laukhondo kuposa. Vuto ndi lakuti ku Zomba matumba a mtundu wa makina anuwo mwina sadzapezeka. Ine ndikanakhala inu ndikanagula ya thumba ya mtundu wodziwika, n'kugulira limodzi matumba ambiri ndi sefa imodzi yapadera, zonse zipite pa ulendo umodzi. Ngati zimenezo n'zovuta, tengani yopanda thumba ya masefa ochapika, ndipo wokhuthula azikhuthulira panja, kutali ndi mwana.

Ndinene mosabisa: ngati nyumba ya kumudziko ndi ya simenti yosalala, yopanda kapeti, pansi sipafunika huva. Kukolopa ndi nsalu yonyowa kumachotsa fumbi bwino kwambiri osaliutsa, ndipo sikudya magetsi. Huva idzathandiza pa matiresi, mipando yansalu, makatani ndi m'makona. Ngati m'chipinda cha mwanayo muli kapeti, kuichotsa kudzamuthandiza kuposa makina alionse. Ganizirani zimenezi musanalipire ndalama zonyamulira katundu.

Pogula musanyengedwe ndi nambala ya mawati yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Mawati amasonyeza magetsi amene makina amadya, osati fumbi limene amatola. Maiko a mu European Union analetsa mahuva atsopano opitirira mawati 1,600 mu 2014, kenako anatsitsa malirewo kufika pa 900 mu 2017, ndipo makina opangidwa bwino akutolabe fumbi mokwanira. Chofunika ndi kapangidwe ka mutu, paipi yosadontha mpweya ndi masefa. Pa nkhani ya mayuniti, huva ya mawati 1,200 ikagwira ntchito theka la ola imadya mayuniti 0.6, zimene si zambiri ngati ndi kamodzi kapena kawiri pa sabata. Koma ngati nyumbayo imadalira sola yaing'ono ya mababu ndi wailesi yakanema, huva ya nthambo siingayake, chifukwa mota imakoka magetsi ochuluka kwambiri pa nthawi yoyamba kuzungulira. Ya batire ili ndi ubwino woti imagwira ntchito magetsi atazima, koma yakale ndikukuletsani. Batire lake limafooka pakapita zaka zochepa, latsopano ndi lodula, ndipo wogulitsa sangakuuzeni kuti latsala pang'ono kutha. Batire lotupa kapena lotentha kwambiri pochajidwa likhoza kuyaka moto.

Mphamvu ya magetsi a ku South Africa ndi a ESCOM ndi yofanana, mavolti 230, choncho makinawo adzagwira ntchito. Chosiyana ndi pulagi: ya kumeneko ili ndi mano atatu obulungira, pamene masoketi a ku Malawi ndi a mano atatu amakona. M'malo modalira adaputala yotsika mtengo imene imatentha n'kusungunuka, pezani wamagetsi adule pulagiyo n'kuika ya kwathu yokhala ndi fyuzi ya maampu 13. Chenjerani ndi makina ochokera ku America, amene ndi a mavolti 120. Amenewo mukawalumikiza mwachindunji amapsa nthawi yomweyo. Pansi pa makina alionse pali kapepala kolembedwa mavolti ake, werengani musanapereke ndalama.

Pogula yakale, musalole kuti ingoyatsidwa kamphindi n'kuzimitsidwa. Ilire mphindi 5 kapena kupitirira. Mverani ngati mawu ake ndi osalala, ndipo mvetserani bwino pamene mwaizimitsa mota ikuima. Nunkhizani mpweya wotuluka kumbuyo. Tsegulani chivindikiro muone kuseri kwa sefa yoteteza mota: pakakhala fumbi lambiri pamenepo, ndiye kuti inkagwiritsidwa ntchito yopanda thumba kapena yopanda sefa, isiyeni. Kokani nthambo yonse muione ngati ilibe mabala, tambasulani paipi muone ngati ilibe ming'alu. Funsani ngati kunyumba kumene inachokera kunali agalu kapena amphaka, chifukwa ubweya ndi fungo lake zimatsalira mu paipi ndipo zikhoza kumudzutsira mwana chifuwa. Masefa onse a makina akale asinthidwe asanalowe m'chipinda chake.

Makinawo akafika, mwana asakhale m'chipinda pamene akuyeretsa, mawindo akhale otsegula, ndipo adikire pafupifupi ola limodzi asanalowenso. Zofunda zake zizichapidwa pafupipafupi ndi kuyanikidwa padzuwa, matiresi aziyeretsedwa mbali zonse ziwiri. Utsi wa mbaula, wa nkhuni ndi wa fodya umadzutsa mphumu kwambiri ndipo huva siingauchotse, choncho zimenezi zikhale kutali ndi pamene amagona. Mankhwala opopera m'kamwa amene anapatsidwa kuchipatala asawasiye chifukwa choti m'nyumba mwayera. Ngati akudzuka usiku ndi chifuwa kangapo pa sabata, apite naye kuchipatala kuti akaonenso mankhwala ake, ndipo ngati akubanika mpaka kulephera kulankhula bwino kapena milomo ikusintha mtundu, athamangire naye nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.